Diresi Lachikasu la ku Lumbadzi

Bambo anga anasiya kundidziwa chaka chatha, mwezi wa Okutobala. Ndinawapititsira madzi kubafa, ndipo nditabwera kudzawauza, anaimirira, navula chipewa, n'kunena kuti, "Zikomo amayi, koma ine ndili ndi banja kale." Ndinaseka mpaka misozi. Ndinkayesa ndi nthabwala zawo zija, poti bambo angawo, a Greenwell, kuyambira kale anali munthu woseketsa maliro. Koma iwo sanaseke. Anangondiyang'ana mwaulemu, ulemu uja timapereka kwa munthu amene watisunthira pampando mu minibasi.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndine "amayi". Amayi ophika, amayi ochapa, amayi ovuta omanga geti ndi waya kuti munthu asatuluke. Dzina langa ndine Felesita, ndipo anandipatsa ndi iwo omwewo, koma m'kamwa mwawo linachokamo osasiya ndi fungo lomwe.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amabwera ndi ukalamba, ndipo alibe mankhwala. Kuno ku Mgona matendawa ali ndi dzina lina. Nkhalamba ikapezeka m'mawa itaima pakhomo pa eni ake, ikufunsa njira ya ku fakitale, aliyense amadziwa kale kuti ndi mfiti imene yagwa paulendo. Zinachitika kawiri. Kachiwiriko ndinawapeza atazunguliridwa, mayi wina yemwe timapemphera naye mpingo umodzi atatola kale chidutswa cha njerwa. Bambo anali akumwetulira, akupereka moni kwa aliyense.

Nkhaniyi itamufika mchimwene wanga Golden, yemwe amakhala ku Area 36, anabwera Lamulungu masana. Sanakhale n'komwe pampando.

"Fele, tisanamizane," anatero. "Loweruka ndikubwera ndi galimoto. Ndikawasiya ku Ntcheu kwa azakhali a Olipa."

"Azakhali omwe aja osaona bwino aja? Ndiye wosunga mnzake akhala ndani?"

"Kumudzi kuli anthu. Kuno udzawapeza atawaotcha, ndili siliyasi. Ndipo iwe ukuvutikiranji? Madala sakukudziwa. Kwa iwo, iwe ndi azakhali ndi mayi wogulitsa tomato, n'chimodzimodzi."

"Akundidziwa. Dzina lokha ndi limene lawathawa."

"Chabwino. Akakuitana ndi dzina lako Loweruka lisanafike, ndidzangomwa tiyi n'kubwerera."

Ananena moseka, koma ine ndinagwira mawuwo ndi manja awiri. Amayi anamwalira. Mkulu wanga Eva anamwalira tili ana. Mwamuna wanga anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo nambala yake inasiya kulowa chaka chachitatu. M'nyumba yanga ya zipinda ziwiri, munthu wopuma wina kupatula ine anali bambo. Ndinkadziwa kuti akakwera galimoto imeneyo, ulendo wotsatira wa ku Ntcheu ndidzapita nditavala chitenje cha maliro.

Ndinayesa zonse. Lolemba ndinawaimbira nyimbo za kwaya ya amayi. Lachiwiri ndinawatchulira mayina a ana awo mmodzimmodzi ngati mphunzitsi wa sitandade wani, iwo akuvomera kuti, "Mayina abwino." Lachitatu, ndikusankha madiresi a ana pabenchi langa la kaunjika ku msika wa Nsungwi, ndinatulutsa m'belo kadiresi kachikasu. Ndinakagwira nthawi yaitali, mpaka kasitomala anafunsa ngati ndikugulitsa kapena ndikupemphera. Apo ndi pamene ndinaganiza za ndege.

Ulendo wokaona ndege ndi chuma chokha chimene ubwana wanga unandisiyira. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Area 25, bambo akugwira ntchito yosankha fodya pa fakitale ina ku Kanengo. Chinali chaka cha 1995, sizoni ya fodya itangotsekedwa, ine ndili ndi zaka zisanu. Mnzawo wa bambo, a Musa, ankayendetsa lole ya njerwa, ndipo Lamulungu lina anali ndi ulendo wa ku Lumbadzi. Bambo analowa m'nyumba nkhope ikuwala, n'kuuza amayi kuti, "Elizabeth, veka ana. Lero tikukaona ndege ili pansi." Ana a mu laini mwathu ndege ankangoionera m'mwamba, akuthamanga n'kumaikuwira kuti iwaponyere masuwiti. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo kuti ili ndi matayala.

Ndinkakumbukira chilichonse. Amayi atayala chitenje pamwamba pa njerwa, fumbi lofiira likutilowa m'mano. Golden akudzitama kuti iye saopa, chonsecho atagwira lamba wa bambo. Khonde la pamwamba pomwe anthu ankaima pobayibitsa abale awo, ife opanda womubayibitsa, koma tikubayibitsa azungu osawadziwa mpaka mikono kuwawa. Phokoso lija limene silimveka m'makutu koma m'mimba. Bambo atandinyamula paphewa, ine nditawagwira mutu. Ndiponso sikono imene anatulutsa m'thumba la jekete, yophwanyika mbali imodzi, ikununkhira fodya. Mpaka lero sindinadyeponso chinthu chokoma ngati sikono imeneyo.

Umboni unalipo. Wojambula wina anatijambula tsikulo, ndipo chithunzicho ndimachisunga mu Baibulo. Pali bambo, pali amayi atatseka khutu limodzi, pali Golden atapinda manja ngati bwana. Paphewa pa bambo pali kamtsikana kovala diresi lachikasu la kolala yoyera, katayang'ana kumwamba, kakungooneka chibwano ndi khutu. Eva sakuoneka pachithunzipo. Ndinkauza anthu kuti anachita mantha n'kubisala kumbuyo kwa amayi.

Diresi limenelo linali ndi mbiri yake. Eva ankandiposa ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu, koma msinkhu tinali ofanana, moti alendo ankatiyesa mapasa. Diresi labwino m'nyumbamo linali limodzi lokhalo, ndiye amayi anaika lamulo: sabata ino avala Eva kupita ku tchalitchi, sabata ya mawa Felesita. Wopanda diresi ankatsala kunyumba. Amayi anali munthu woopa kusekedwa kuposa kuopa njala, ndipo sakanalola mwana wawo kuonekera pagulu atavala zong'ambika. Eva atamwalira ndi malungo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, diresi linakhala langa sabata zonse. Ndinalivala mpaka mabatani anakana.

Nkhani ya ndegeyi ndakhala ndikuifotokoza moyo wanga wonse, kusukulu, pachinkhoswe changa, ngakhale kwa anzanga a pa msika, omwe anafika pondipatsa dzina loti Mai Eyapoti. Golden yekha ndiye sankaikonda. Ndikangoiyamba, iye ankapeza chochita pafoni.

Choncho Lachinayi sindinapite ku msika. Ndinawameta ndevu bambo, n'kuwaveka jekete lawo lakale lija, lomwe tsopano limawalendewera m'mapewa. Ndinati mumtima, ngati pali malo amodzi padziko pano pomwe munthu uyu angandikumbukire, ndi pomwe anandinyamula paphewa.

Tikudikira minibasi pa Kanengo, mphepo inabweretsa fungo la fodya. Bambo anakweza mphuno, n'kuyamba kufulumira. "Tachedwa, belu lalira," anatero. Ndinawagwira mkono. Ndinati mumtima, zayamba kubwerera.

Mu minibasi kondakitala anatiyang'ana, poona jekete ndi nsapato zopolishidwa, n'kufunsa kuti, "Madala akuuluka lero? Wa ku Joni kapena wa ku Dubai?"

"Tikukangoona ndege," ndinayankha.

Minibasi yonse inaseka. Mnyamata wina wa kumbuyo anati, "Sisi, ndege zili mbwee pafoni, bwanji osangowaonetsa madala ali pakhonde?" Ndinamuyankha kuti nawonso amayi ake ali pafoni, koma amapitabe kukawaona. Ndikakwiya pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi mantha, zomwe zimandikwiyitsa kwambiri.

Pa Lumbadzi ndinalowa m'golosale n'kugula masikono awiri. Imodzi ndinawaikira m'thumba la jekete, mbali yomwe ija, kuti zonse zikhale monga zinalili. Kenako tinakwera kagalimoto kopita ku bwalo la ndege.

Titafika sindinazindikire kalikonse. Magalasi, magalimoto, anthu okoka zikwama za matayala. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu chimodzi chokha choti mtima unene kuti "apa", koma sunanene. Ndinadziuza kuti zaka makumi atatu si masewera, malo amasintha. Za khonde la pamwamba sindinafunse n'komwe, poti miyendo ya bambo siikanatha masitepe. Mlonda wina wachifundo, nditamufotokozera, anatilozera malo cha kumbali, pafupi ndi mpanda, pomwe munthu angathe kuona ndege ikamanyamuka.

Tinakhala pamenepo maola awiri. Dzuwa linatiotcha. Bambo anasinza, nadzuka, n'kundifunsa katatu ngati basi ya ku Ntcheu yadutsa kale. Ndinatulutsa chithunzi chija n'kuwaikira m'manja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda pankhope za anthuwo.

"Banja labwino," anatero. "Ndi lanu, amayi?"

Ndinabweza chithunzi m'chikwama, n'kuyamba kudzitukwana chamumtima. Mkazi wamkulu, wa zaka makumi atatu ndi zisanu, kutseka benchi tsiku lonse, kudzaotcha nkhalamba yodwala padzuwa chifukwa cha nthano ya sikono. Ndinali nditaimirira kale kuti tizipita pamene phokoso lija linayamba.

Linayambira kutali, kenako linadzaza paliponse, mpaka ndinalimva m'mimba. Ndege yaikulu yoyera inathamanga kuseri kwa mpanda, n'kukweza mphuno. Nditacheuka, bambo anali ataimirira okha, popanda wowagwira. Chipewa chinali pansi. Manja onse awiri anali atawakweza m'mapewa, atafumbata, monga amachitira munthu wogwira timiyendo ta mwana.

"Gwiritsa!" anakuwa. "Gwira mutu wanga, usagwe! Waiona? Waona matayala akulowa m'mimba?"

Maso awo anali amoyo. Anali bambo anga aja, a ku Area 25, a fungo la fodya. Anatembenukira kwa ine akuseka, n'kuyamba kulankhula mofulumira, mawu akuphangirana.

"Elizabeth watseka makutu, wamantha uja! Golden akuti saopa, koma taonani kabudula. A Musa ati tisachedwe, atidikira pamtengo paja, njerwa za eni ake sizinatsitsidwe."

Ndinayandikira, n'kuima patsogolo pawo penipeni kuti nkhope yanga aione bwino.

"Nanga paphewapo mwanyamula ndani, bambo?"

"Eva," anayankha msanga. "Eva wanga. Wopepuka ngati nkhuku."

"Ayi, bambo. Taganizani bwino. Wa diresi lachikasu."

"Eya, lomwelo. Ndi sabata ya Eva ino."

Ndege inali itachepa kale kumwamba. Ndinafunsabe, poti ndinali nditabwera kudzafunsa zimenezo.

"Nanga Felesita?"

Kuseka kunazima pankhope pawo. Manja anatsika pang'onopang'ono.

"Felesita," anatero. Analitchula lonse, mokoka pakati paja monga ankachitira kale akamandiitana kuti ndidzawavule nsapato. Chaka chathunthu ndinali ndisanalimve m'mawu amenewo. Koma sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumsewu.

"Felesita tamusiya kwa mai a Upile, aneba athu. Diresi ndi limodzi, amayi. Ine ndinati tiyeni naye choncho, ndege siiona zovala. Koma Elizabeth akuti mwana sangakaime pamaso pa anthu atavala sanza, atiseka. Walira mwana uja. Wathamangira lole mpaka pampopi, wagwa, wadzukanso. Ine ndinangoyang'ana kutsogolo."

Ndikanakonda ndikanati ndi matenda akulankhula. Ndinayesa kutero. Koma pomwepo, nditaima pafupi ndi mpanda uja, chinthu china chinatseguka m'mutu mwanga, ndipo sichinali khonde la pamwamba. Linali khonde la mai a Upile, la simenti yozizira. Ndinaona bondo langa likutuluka magazi, mai a Upile akulipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndinaona lole ikukhota pa golosale, kadontho kachikasu kali pamwamba pa njerwa. Ndinaona dzuwa likupendeka ine ndidakali pomwepo, ndikukana kulowa m'nyumba. Kenako bambo atagwada patsogolo panga, akutulutsa sikono m'thumba la jekete, yophwanyika mbali imodzi.

Sikono ija inali yoona. Pa ulendo wonse umene ndaufotokoza zaka makumi atatu, changa chinali sikono yokha. Ndege yoyamba kuiona ili pansi inali imene inali itangonyamuka kumeneyo, ndipo sindinaiyang'ane n'komwe, ndinali kuyang'ana bambo.

Iwo anapisa m'thumba, napeza sikono imene ndinawaikira ku Lumbadzi. Nkhope yawo inamasuka pang'ono. Anaikulunga bwinobwino m'kampango kawo ka m'manja, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Inu mukuoneka munthu wokhulupirika, amayi. Mukampatse Felesita. Musadye panjira."

"Ndikampatsa," ndinatero.

"Tiyeni tsono. Mwana akulira."

M'njira yonse yobwerera sanakhale chete. Minibasi ikaima, ankafuna kutsika. Titadutsa mphambano ya ku Area 25 anamenya galasi, akukuwa kuti tapitirira. Ndinawagwira m'chiuno, anthu akutiyang'ana, ine ndikupepesa uku ndi uku ngati ndaba.

Ndinkayesa pofika m'mawa adzakhala ataiwala, poti amaiwala ngakhale kuti adya. Koma ichi chokha chinakana kuchoka. Lachisanu anadzuka akufunsa za mwana. Anakana phala, akuti sangadye mwana asanatonthole. Nditapita kukatunga madzi, anamasula waya wa pageti ndi zala mpaka kudzicheka. Ndinawapeza masana cha ku njanji, opanda nsapato imodzi, akuimitsa aliyense wodutsa n'kumufunsa nyumba ya mai a Upile, omwe anabwerera kwawo ku Mangochi kalekale, ndipo mwina anamwalira. Anyamata ena anali atayamba kale kuwatsatira n'kumawaloza. Kale bambo ankasochera ali osangalala, akupita ku ntchito. Tsopano ankasochera akulira, ndipo amene anawachititsa zimenezo ndi ine.

Loweruka Golden anafika m'mawa ndi galimoto yobwereka. Anapeza chikwama cha bambo chili kale pakhomo. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Sanakuitane?"

"Dzina atchula. Koma sanaitane ine."

Ndinamuuza zonse, tili chiimire panja. Nditamaliza ndinamufunsa kuti, "Achimwene, inu mumadziwa?"

Anayang'ana pansi, nakanda dothi ndi nsapato. Foni inali m'thumba, ndipo ulendo uno sanaitulutse.

"Eva ankakufotokozera tsiku lililonse kuti usiye kulira," anatero. "Chilichonse, njerwa, azungu, phokoso. Iwe unkati abwerezenso. Kenako unayamba kufotokoza wekha, ukuti 'ine'. Eva ankangoseka. Atamwalira, ndinafuna kukuuza, koma amayi anandikaniza. Anati tinamumana ulendo, tisamulandenso nkhani."

"Zaka zonsezi mumandionera ndikudzichititsa manyazi."

"Unkasangalala, Fele. Ukamaifotokoza unkasangalala."

Sindinamutukwane, ngakhale mawu anali atafika kale pamilomo. Ndinalowa m'nyumba kukawatenga bambo. Sanavute. Golden anawauza kuti galimoto ikupita ku Area 25, ndipo anakwera mofulumira, n'kukhala kutsogolo chipewa chili pamaondo. Ndinawaikira mankhwala a chala chija m'chikwama, ndi chithunzi chomwe, poti pachithunzipo palibe chimene chinali changa.

Injini italira, bambo anatsitsa galasi n'kundikodola. Ndinathamangira. Mtima wopusawu unali usanaphunzirebe, unkati mwina tsopano.

"Amayi," anatero, "sikono ija mwampatsa?"

Inali pa shelefu, m'kampango kawo, itayamba kuuma.

"Ndampatsa, bambo."

"Walandira?"

"Walandira."

Anapumira m'mwamba, n'kugwedeza mutu. Kenako anandigwira dzanja, n'kundiyang'anitsitsa m'maso, mwaulemu womwe uja.

"Nanga wasiya kulira?"

Golden anali atayamba kale kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono. Ndinayenda nayo masitepe angapo dzanja langa lili m'dzanja lawo, mpaka pampopi wa pakona, pomwe msewu umakhotera. Pamenepo dzanja lawo linandipulumuka. Ndikanatha kuwanamiza kachitatu kuti apite ndi mtendere, koma pakamwa panakana.

"Sanasiye, bambo," ndinatero. Galasi linali litakwera kale.